DVD yotalikitsa ya The Good, the Bad and the Ugly: filimu ya bho koma zaka zasokonekera

Kwa amene mukufuna kugula DVD ya filimu ya makauboyi ija ya Sergio Leone ya 1966, ine ndikuti gulani, koma mudziwiretu kuti yotalikitsayi, ya maola pafupifupi atatu, ili ndi vuto lake. Zigawo zomwe anazibwezeretsa mu 2003 anachita kujambulanso mawu, ndiye Clint Eastwood (wosewera ngati Blondie) ndi Eli Wallach (wosewera ngati Tuco) anali atakalamba kale, mumaona nkhope ya mnyamata koma mawu akutuluka a madala, kenako chigawo chotsatira mawu abwereranso unyamata. Lee Van Cleef (wosewera ngati Angel Eyes) anamwalira mu 1989 ndiye mawu ake anayankhula munthu wina. Khutu limagwira ndithu.

Tsono mbali ya mbiri ndiye pali zambiri. Nkhaniyi ikuchitika mu 1862, nthawi yomwe asilikali a kummwera otsogozedwa ndi Jenerali Sibley analowa ku New Mexico pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Koma Blondie ndi Tuco akuphulitsa mlatho ndi dynamite, pomwe Alfred Nobel analembetsa dynamite mu 1867 nkhondo itatha kale mu 1865, ndiye anaitenga kuti? Mfuti nazonso ndi chimodzimodzi, Colt 1851 Navy ngati ya Blondie inali yothira onga ndi chipolopolo kutsogolo kwa kabowo kalikonse, ntchito yotenga nthawi, koma apa Blondie akungolowetsa zipolopolo zachitsulo fasta fasta ngati mfuti za zaka za m'ma 1870.

Chomwe chinandiseketsa kwambiri ndi ku kampu ya akaidi kuja, Angel Eyes akukangana ndi mkulu wa kampu n'kutchula Andersonville, ndende yomwe inatsegulidwa mu 1864. Munthu akudandaula za malo omwe sanamangidwe n'komwe! Komanso nkhondo ya pa mlatho ija, ngalande ndi chigulu cha asilikali mbali zonse, ku New Mexico kunalibe zoterozo, kunali magulu ochepa ongomenyana monga zinachitikira ku Glorieta Pass mu Malichi 1862.

Milomo kusagwirizana ndi mawu musadabwe nako, osewera ambiri anali a ku Italy ndi Spain, aliyense amayankhula chilankhulo chake kenako n'kuikapo Chingerezi pambuyo. Chipululu chenichenicho ndi cha ku Almería ku Spain, manda a Sad Hill a kumapeto kwa filimuyi ali kufupi ndi Burgos.

Koma kunena zoona zonsezi ukafika pa manda paja, amuna atatu atayima mozungulira, kamera ili pa maso ndi pa zala, nyimbo ya Ennio Morricone ikukwera, palibe amene amakumbukira za Nobel. Ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha mawu a madala aja, ngati mungapeze yosatalikitsa tengani imeneyo.