Kunyumba kapena m'chipinda choyesera: njira ziwiri za Mary Ainsworth

Ukafuna kudziwa ngati khanda limadalira mayi ake, uyambire pati? Mary Ainsworth, wofufuza za kakulidwe ka maganizo a ana yemwe anagwirapo ntchito ndi dokotala wa maganizo John Bowlby ku London, anayesa njira ziwiri.

Yoyamba ndi yolowa m'makomo. Mu 1954 anafika ku Uganda n'kumayendera mabanja 26 a mtundu wa Aganda pafupi ndi Kampala, masabata awiri alionse. Ankakhala pansi n'kumaonerera: mwana akalira, mayi amudzukira msanga? Akamakwawa, amabwerera kwa ndani? Njirayi imadya miyezi, komanso mlendo pakhomo amasinthitsa khalidwe la eni nyumba. Komabe apa ndi pomwe anaona kuti mwana wa mayi watcheru amalira pang'ono ndipo amasewera momasuka.

Yachiwiri anaikonza ku yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, m'dziko la America, yotchedwa Strange Situation. Mphindi pafupifupi 20 zokha: mwana wa chaka chimodzi, mayi, ndi munthu wachilendo. Mayi amatuluka, kenako n'kubwerera. Chofunika ndi momwe mwana amamulandirira: amatonthola, amamupewa, kapena amamukakamira uku atakwiya.

Ofufuza ambiri anatengeka ndi yachiwiriyi chifukwa ndi yachangu. Ine ndimakonda yoyamba. Mwana woleredwa ndi agogo, azakhali ndi achemwali ake sungamumvetse pomuyesa ndi mayi yekha.