Kugulitsa kaye nyumba yochititsa lendi kapena kugula kaye yokhalamo? Kusiyana kwa msonkho ku England

Tiyerekeze kuti inu mukukhala nyumba ya lendi ku London, koma muli ndi nyumba ina ku Leicester momwe muli alendi. Munaigula pa £150,000 ndipo lero ingagulidwe pa £230,000. Mwapeza nyumba ya £300,000 yoti mukhalemo ndi banja. Muyambe ndi chiti?

Choyamba tichotse chiyembekezo chomwe ambiri amakhala nacho: kuika ndalama za nyumba yochititsa lendi mu nyumba yokhalamo sikukupulumutsani ku Capital Gains Tax, msonkho wa phindu lomwe mwapeza pogulitsa. A HMRC, bungwe lotolera msonkho ku UK, amangoona phindu basi. Pa phindu la £80,000 muchotsepo zolipira loya ndi ejenti pogula ndi pogulitsa, tinene £5,000, ndiponso £3,000 yomwe aliyense amakhululukiridwa pachaka. Yatsala £72,000. Ngati malipiro anu ali kale m'gulu lapamwamba la msonkho, mulipira 24 peresenti, kutanthauza £17,280, ndipo muuze HMRC ndi kulipira pasanathe masiku 60 malonda atatsirizika. A malipiro ochepa amalipira 18 peresenti pa gawo lina. Msonkho umenewu ulipo ndithu, kaya mwayamba ndi kugulitsa kaya ndi kugula.

Pamene njira ziwirizi zimasiyana kwenikweni ndi pa Stamp Duty, msonkho wogulira nyumba. Mukagulitsa kaye, nyumba ya £300,000 muilipirira £5,000. Mukagula nyumba ya ku Leicester idakali m'dzina lanu, mumawerengedwa kuti mwagula nyumba yachiwiri, ndipo kuyambira pa 31 Okutobala 2024 amaonjezerapo 5 peresenti ya mtengo wonse. Apa ndiye kuti £15,000 ina pamwamba, zonse pamodzi £20,000.

Mwina mwamvapo kuti ndalama yoonjezerayi imabwezedwa mukagulitsa nyumba inayo pasanathe zaka zitatu. Koma wobwezeredwa ndi yekhayo amene wagulitsa nyumba yomwe ankakhalamo iye mwini. Yomwe mwangokhala mukuchititsa lendi siwerengedwa, ndipo £15,000 ija yapita basi.

Komabe kugula kaye kuli ndi ubwino wake. Lendi imapitirira kulowa, ndipo simugulitsa mothamanga pamtengo wongotaya. Koma muwerengere bwino kuti alendi akulipirani miyezi ingati kuti £15,000 ibwerere, mutachotsapo msonkho wa lendiyo ndi ngongole ya kubanki. Ine ndingagulitse kaye, kapena kupempha maloya akonze kuti malonda onse awiri atsirizike tsiku limodzi, chifukwa lamulo limaona nyumba zomwe muli nazo pakutha pa tsiku logulalo.

Pali njira yachitatu: kuwatsanzika alendi n'kusamukira mu nyumba ya ku Leicester. Stamp Duty palibe, popeza simunagule kanthu. Capital Gains Tax imachepa koma siitha, chifukwa amagawa phindu molingana ndi nthawi. Mukakhala nayo zaka 10, zisanu ndi chimodzi muli alendi ndipo zinayi mukukhalamo nokha, magawo anayi okha mwa khumi ndiwo amakhululukidwa. Kungoika matiresi kwa miyezi iwiri sikukwanira, pamafunika umboni woti munakhazikikamodi.

Chimene chimatipunthwitsa ife ochokera kumudzi ndi ichi: Stamp Duty imawerenga nyumba zanu padziko lonse. Nyumba ija munamanga ku Area 47 kapena ku Namiwawa, ngati mtengo wake ukufika £40,000, ingachititse kuti mulipire 5 peresenti yoonjezera ngakhale mutagulitsa ya ku Leicester. Ikakhala m'dzina la akazi anu kapena amuna anu zimakhala chimodzimodzi, poti pankhaniyi banja limatengedwa ngati munthu mmodzi. Za ku Scotland ndi ku Wales ndi zina, kumeneko msonkho wogulira nyumba uli ndi malamulo akeake.