Kugumula madamu onse kapena ena okha: Elwha ndi Penobscot

Anzanga a mbedza ndi nkhafi, mitsinje iwiri ya ku America iyi inadwala nthenda imodzi. Madamu a magetsi anatsekera njira nsomba zochokera m'nyanja zokaswana kumtunda, monga ichitira mpasa pa Bua. Mankhwala ake ndiwo anasiyana.

Ku Elwha, m'chigawo cha Washington, sanafune zonyengerera. Damu la 1913 ndi linzake la Glines Canyon la 1927, lotalika mamita 64, anayamba kuwagumula mu 2011 n'kumaliza mu 2014. Nsomba ya salimoni inabwerera, ndipo mchenga womwe unatsakamira zaka zonsezo unatsika n'kupanga gombe latsopano kumatsiriro. Koma zowawa zinalipo. Nyanja za Mills ndi Aldwell zomwe madamuwo anapanga, momwe anthu ankapalasamo mabwato, zinaphwa. Mtsinje utamasuka unakokolola msewu ndi malo ogona alendo mu Olympic National Park. Usodzi unaletsedwa mu 2011, ndipo a Lower Elwha Klallam, eni mtsinje enieni, anadikira mpaka 2023 kuti agwireko nsomba zowerengeka. Zaka 12 mbedza ili tsomeke padenga!

Ku Penobscot, m'chigawo cha Maine, anayamba ndi kukhala pansi. Mu 2004 kampani ya magetsi, a Penobscot Nation (mtundu wa eni nthaka kumeneko), boma ndi mabungwe anagwirizana kugumula madamu awiri okha akumunsi: Great Works mu 2012, Veazie mu 2013. La Howland analisiya, n'kukumba ngalande yolilambalala yomwe inatha mu 2016. Kampaniyo inaloledwa kuwonjezera mphamvu pa madamu ena, choncho magetsi sanachepe. Nsomba za river herring tsopano zimakwera mamiliyoni, ndipo pamathithi omwe anavundukuka pachitika kale mipikisano ya mabwato. Chilema chake n'chakuti salimoni ikadali yochepa, ndipo ikafika pa damu la Milford imakwezedwabe ndi chikepe.

Nsomba ikadafunsidwa ikadasankha Elwha. Koma kumeneko kunali kosavuta: magetsi ake anali ochepa, opita kufakitale ya mapepala ku Port Angeles, ndipo mbali yaikulu ya mtsinjewo ili m'paki, mopanda midzi. Mitsinje yambiri siili choncho. Pamene m'mbali muli matauni, malipiro a anthu ndi nyali zofuna kuyaka, ine ndili kumbali ya Penobscot, ngakhale chikepe cha pa Milford chija chimandinyansa.