Chowombera nsalu chakale chamatabwa: kulemera kwake ndiye ubwino wake

Chowombera nsalu chimene ndinagula n'chakalekale, chamatabwa okhaokha, cha mafelemu 4 okweza ndi kutsitsa ulusi wam'litali, ndi zopondera 6 zoyendetsera mafelemuwo. Mitanda yake imagwirana ndi zikhomo zamtengo, palibe msomali. Ukafuna kuchisamutsa umangogogoda zikhomozo n'kuchiphwasula, ndipo zikakhwepa pogwira ntchito umazikhomeranso pang'ono, basi chalimba.

Chimene chandikopa kwambiri ndi kulemera kwake. Ukamamenya ulusi wopingasa ndi chipeso cha mano achitsulo chothinitsira nsalu, zowombera zopepuka zimagwedera n'kumasuntha pansi, nsalu n'kutuluka pena yothina pena yolekera. Ichi chimangoti nji. Ndawombapo nsalu yathonje yoyala patebulo, ndipo ndikaiyang'ana padzuwa mizere yake ndi yofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Mtanda wakutsogolo, pamene nsalu imadutsa, unachita kusalala ndi manja a amene ankachigwiritsa ntchito kale, moti sukoka ulusi ngakhale umodzi.

Pa nkhani ya mapatani, musayembekezere zamaluwa. Zimenezo ndi za makina amene Joseph Marie Jacquard anapanga mumzinda wa Lyon ku France mu 1804, omwe makadi obowola ankasankha ulusi woti ukwere. Kuno ulusi wonse wam'litali umagawidwa m'magulu 4 okha, gulu lililonse pafelemu yake, choncho zimene zimatuluka ndi mizere yopendekera ngati ya pa jinzi, mizere yokhotakhota ndi timadayamondi. Kwa ine n'zokwanira, chifukwa kungosintha kapondedwe patani imasinthiratu. Koma mafelemu ake analendewera awiriawiri, moti awiri akatsika, awiri amakwera. Mpata wodutsa kabwato konyamula ulusi umatseguka bwino ukamaponda awiri. Ukafuna kuti atatu akhale mbali imodzi, mpata umachepa ndipo kabwato kamakodwa. Apa pokha ndi pamene chimandigwiritsa mwala.

Wogulitsa sanandiuze kuti chipeso chinachita dzimbiri. Chinadetsa thonje loyera n'kumadula ulusi, mpaka ndinagula chachitsulo chosachita dzimbiri. Tizingwe tokhala ndi maso olowetsamo ulusi natonso tinali titafumbwa, ndinasintha tonse. Kulowetsa ulusi umodziumodzi m'timasoto kumafuna mtima wodekha, pakuti umodzi ukalowa polakwika mzere wake umaoneka nsalu yonse.

Ngati mukufuna kugula chotere, pitani ndi tepi muyeze mopingasa kuchokera pangodya kufika pangodya inayo ngati chilembo cha X, mbali zonse ziwiri. Miyezo ikasiyana ndiye kuti chinapindika, ndipo ulusi uzikhala wothina mbali imodzi. Timabowo ta tizilombo toboola matabwa tisakuopseni msanga, koma mukaona ufa watsopano wa mtengo pansi pake, dziwani kuti tikadali momwemo. Changa chinali ndi timabowo takale pamwendo umodzi, ufa panalibe, ndipo miyezo inafanana, n'chifukwa chake ndinachitenga.