Amapezadi mabuku osowa, koma funsani zithunzi musanalipire

Nyenyezi 4 mwa 5. Shopu iyi ndi ya pa intaneti: mumalemba pa WhatsApp buku limene mukufuna, iwo amakalisaka kwa ogulitsa mabuku akale kunja n'kukuuzani mtengo. Ine ndimaphunzitsa mbiri ku sekondale, ndipo ndinkafuna mabuku ofotokoza mmene Apwitikizi anafikira koyamba m'magombe a eni ake n'kuyamba kulanda. Mabuku a silabasi nkhani ya Vasco da Gama amaimaliza m'ndime ziwiri, ngati kuti anangodutsa akupereka moni.

Chimene chinandikopa n'choti bambo amene amayankha mauthenga amawadziwa mabuku. Anayamba andifunsa ngati ndikufuna zolembedwa m'nthawi ya maulendowo kapena za akatswiri a masiku ano. Nditasankha zakalezo, anandilozera ku mabuku a Hakluyt Society, bungwe la ku London limene linayamba mu 1846 ndipo limasindikiza m'Chingelezi nkhani za maulendo akale.

Loyamba kufika linali la Gomes Eanes de Zurara, mlembi wa kunyumba yachifumu ya ku Portugal. Ntchito yake inali yotamanda Prince Henry, kalonga wa ku Portugal amene ankatumiza zombo ku magombe a Africa, komabe mutu umene akufotokoza zimene zinachitika ku Lagos, doko la ku Portugal, mu 1444 ndi wolasa mtima. Anthu 235 ogwidwa ku gombe la Africa anawagawa pabwalo, amayi akukakamira ana awo, Henry akuonerera ali pa hatchi podikira gawo lake. Mlembiyo akuvomereza kuti zinali zomvetsa chisoni, kenako n'kudzitonthoza kuti ogwidwawo apeza chipulumutso. Mutu umenewu wokha wabweza ndalama zanga, chifukwa ana a Fomu 3 akaumva safunikanso kuwafotokozera zambiri.

Anandipezeranso voliyumu imodzi mwa 9 za zolemba zakale zimene George McCall Theal, wolemba mbiri ya kummwera kwa Africa, anasonkhanitsa, momwe muli Chipwitikizi ndi Chingelezi chake. Mmenemo ndi mmene muli ulendo wa Gaspar Bocarro, amene mu 1616 anachoka ku Tete kupita ku Kilwa, doko la ku Tanzania wa lero, n'kudzera kwa mfumu Muzura m'dziko la Amaravi. Zoti Mzungu anadutsa kuno zaka zoposa 200 Livingstone asanafike, ambiri sitinaphunzitsidwe. Theal mwiniwake anali ndi maganizo onyoza anthu akuda, choncho ndimawerenga zimene anasonkhanitsa koma ndemanga zake ndimazitenga mosamala.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha buku lachitatu, la ulendo wa da Gama wolembedwa ndi mmodzi mwa amalinyero ake, limene E. G. Ravenstein anamasulira mu 1898. Nkhani yake ilibe vuto. Mukuona mmene anafikira pa chilumba cha Mozambique mu Marichi 1498, eni dera n'kuwayesa Asilamu anzawo, ndipo pasanapite nthawi mizinga inalira pa mkangano wa madzi akumwa. Vuto ndi kope limene ananditumizira. Ndinkayembekeza buku lakale lenileni, koma linabwera lojambula pa makina n'kumata chikuto chatsopano. Mapu ndi akuda bii, mayina a madoko osawerengeka, ndipo timawu ta m'munsi mwa masamba tinadukaduka. Buku la maulendo a panyanja lopanda mapu ooneka limavuta kutsatira. Nditadandaula anandibwezera gawo la ndalama popanda kulimbalimba, zimenezo ndiwayamikire.

Katundu amachedwa, ndipo ndalama zotumizira zimatha kuposa mtengo wa bukulo, ndiye ndi bwino kuitanitsa angapo pakamodzi. Dziwaninso kuti mabuku osindikizidwa zaka za m'ma 1890 ngati amenewa ambiri alipo aulere pa Internet Archive, nkhokwe ya mabuku ya pa intaneti. Yambani mwasuzumira kumeneko, ndipo limene mwatsimikiza kuti mukulifuna la m'manja, auzeni akutumizireni zithunzi za masamba a m'kati ndi za mapu musanatumize ndalama.