Fulati yathu ya ku Chichiri: yabwino, koma mwana akayamba kuyenda ganizaninso

Anzanga awiri amene alowa m'banja chaka chino akhala akundifunsa ngati angabwere kudzachita lendi m'mafulati amene tikukhala ife, chakufupi ndi Chichiri mu Blantyre muno. Ndiyankhiretu pano onse pamodzi. Yathu ili m'mwamba, ya zipinda ziwiri zogona, balaza, khitchini, bafa ndi kakhonde kongokwana mipando iwiri. M'menemo timakhala ine, bambo a kunyumba, ana awiri ndi mtsikana wotithandiza ntchito.

Chimene chinatikokera ndi malo, ndipo pamenepo sindingaichotsere ulemu. Bambo amagwira ntchito ku Limbe, ine m'tauni, ndiye aliyense amangotsikira mumsewu wa Masauko Chipembere n'kukwera minibasi imodzi basi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thiransipoti n'kukwera, anzathu okwera kawiri anaona zakuda, ife ululu wake unatipeza pang'ono. Ku chipatala cha Queens ndi pafupi, ndipo kholo limene mwana wake anatenthapo thupi pakati pa usiku likudziwa kuti zimenezo si zazing'ono. Chitetezo nachonso chilipo: mpanda, geti imodzi, mlonda amene timasonkherana malipiro ake. Tikamapita kumudzi pa Khirisimasi timangokhoma chitseko, osavutika kupempha mlamu kuti adzagonemo. Mita ya magetsi aliyense ali ndi yake, choncho palibe zolozana zala kuti wamaliza mayunitsi ndani.

Tsopano madzi. Apa ndiye khalani pansi. Madzi ambiri a mumzinda uno amachokera mu Shire, ku Walker's Ferry, ndipo amachita kupopedwa kukwera mtunda pafupifupi mamita 800 kuti atipeze. Mphamvu yake ikangochepa, oyamba kuuma mipope ndi ife a m'mwamba, a pansi akutungabe. Thanki ilipo, koma ndi imodzi ya mabanja onse, ndiye wochapa m'mamawa ndi amene wapambana. Pakhomo pa khanda zochapa sizitha, ndipo zigubu za malita 20 zimakwera masitepe pamutu pa munthu. Chimene agenti sangakuuzeni n'chakuti pafulati palibe chimbudzi cha kunja. Mpope ukauma masiku awiri, madzi amene mwakwera nawo movutikira aja theka lake limathera m'chimbudzi. Mlendo akabwera tsiku lotere umamwetulira pakamwa pokha.

Mbaula eni nyumba analetsa, ati utsi umada makoma ndipo moto ungabuke. Sindikuwatsutsa. Koma zikutanthauza kuti magetsi akazima ndi gasi basi, ndipo nyemba zouma pa gasi ndi kuwotcha ndalama. Apongozi anga anatibweretsera thumba la chimanga, mtima wabwino ndithu. Kukonola tinakonola, kuviika mphale tinaviika m'bafa, koma titabwera kuchigayo ndi ufa wonyowa tinasowa poyala mkeka. Pansi ponse ndi poimika magalimoto, pakhonde dzuwa limangofika m'mawa. Ufa uja tinakauyanika kwa achemwali anga ku Machinjiri, ndipo mayi anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ana inu, nyumba yopanda bwalo mukuitcha nyumba?"

Zonsezi ndikanapirira. Chandisinthitsa maganizo ndi mwana wathu wamng'ono, amene wayamba kuyenda posachedwa. Zitsulo za pakhonde zili ndi mipata yoti mutu wa mwana n'kudutsa, moti tinakulungapo waya wa khola la nkhuku, ndipo ngakhale tero chitseko cha kukhonde chimakhala chokiya. Chitseko chachikulu chikangotseguka, iye ali pa masitepe. Wamkulu akafuna kusewera mpira atsikire pansi, pamene magalimoto amabwerera chambuyo, ndiye pafunika munthu wamkulu woimirira pompo. Mapeto ake ana amasewerera pabalaza, akukoka mipando, ndipo a pansi pathu, anthu aulemu ndithu, anabwera kudzapempha kuti phokoso lichepe chifukwa bambo akumeneko amagwira ntchito usiku. Olakwa palibe. Kungoti mwana wa chaka chimodzi sungamuuze kuti aziponda pang'onopang'ono.

Nyumba ya achemwali anga ija lendi yake sikusiyana kwenikweni ndi yathu, koma ndi ya zipinda zitatu, bwalo lake, mtengo wa mapeyala, kadimba ka mpiru ndi nkhwani kuseri, chingwe choyanikapo zovala chautali, ndi chimbudzi cha kunja chodalira pa tsiku loipa. Ana awo amalowa m'nyumba dzuwa litalowa, fumbi mpaka m'makutu, n'kugona tulo tofa nato. Koma musaone kukongola kokha. Alamu amadzuka kusanache kuti apeze minibasi, nthawi ya mvula msewu wolowera kwawo kabaza amakana, ndipo mlonda ndi agalu ndi zawo okha. Komanso chiyambire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, titaona zimene matope ochokera m'phiri la Soche anachita ku Chilobwe, nyumba yotchipa ya m'mphepete mwa phiri kapena m'khwawa ine sindiyang'anako kawiri.

Ndiye anzanga inu, ngati muli awiriwiri kapena khanda lidakali kumsana, ndipo nonse mumagwira ntchito, bwerani, simudandaula. Kaoneni fulatiyo masana pakati pa sabata, mutsegule mpope wa m'bafa, mufunse oyandikana nawo osati agenti kuti madzi amavuta motani, ndipo zonsezi muchite musanapereke lendi ya miyezi itatu imene ambiri amafuna poyamba. Ikapezeka ya pansi, tengani ya pansi, olo ikhale yakuda pang'ono mkati. Ife tauza kale eni nyumba kuti ya pansi ikatsala atiganizire, ndipo Loweruka likubwerali tikukaona nyumba ina ya mpanda ku Nkolokosa.