Mapuleti osemedwa ndi laser a mapaketi anga a tiyi: zomwe ndaona nditawagwiritsa ntchito

Ndimalongedza tiyi m'mapaketi a magalamu 100 ndi 250 pano pa Chitakale. Kale ndinkangomata timapepala tosindikiza pa kompyuta, koma chiperoni chikagwa timapepalato tinkanyowa, inki n'kuyenderera. Masitolo a ku Limbe nawo amafuna paketi yosindikizidwa pa pulasitiki penipeni, yokhala ndi barcode yoti makina awo aiwerenge. N'chifukwa chake ndinapita ku kampani ina ya ku Blantyre yosindikiza mapaketi pa mipukutu ndi makina a flexo. Ndemanga iyi ndi ya mapuleti amene anandipangitsira, chifukwa ndalama zambiri zinathera pamenepo, ndipo anzanga a uchi, a zinanazi zouma ndi a makademiya akhala akundifunsa ngati n'zoyenera.

Puleti ya flexo ili ngati chidindo cha ku ofesi, kungoti ndi yaikulu komanso yofewa moti amaikulunga pa silinda. Malemba ndi zithunzi zimakhala zotukuka, malo ena onse ndi okumbika. Pali chogudubuza china chotchedwa anilox chokhala ndi timaenje ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, chimene chimatunga inki moyeza n'kuipaka pamwamba pa zotukukazo, kenako puleti imadinda pulasitiki imene ikuthamanga. Mtundu uliwonse uli ndi puleti yakeyake. Mfundo imeneyi muisunge, ndi imene imatupitsa mtengo.

Anandiuza kuti ndisankhe pakati pa njira ziwiri. Yoyamba ndi ya photopolymer, pulasitiki youma ndi kuwala: puleti amaiwalitsa ndi kuwala kwa UV kuti malo a chithunzi aume, mbali zosauma n'kuzitsuka ndi mankhwala kapena madzi, kenako n'kuiumitsa. Yachiwiri ndi yosema mwachindunji: laser imawotcha n'kuchotsa malo onse osafunika pa labala wa mtundu wa EPDM, chithunzi n'kutsala chili chotukuka. Apa palibe zowalitsa kapena zotsuka ndi mankhwala, amangochotsa fumbi la zopserera ndi madzi basi. Bambo amene ankandithandiza anati, "Amayi, mukanakhala ndi chithunzi chojambula ndi kamera ndikanakuuzani kuti mutenge photopolymer, koma zanuzi ndi mizere ndi mitundu yodzaza, ndipo mwati muzisindikiza mobwerezabwereza. Tengani yalabala." Ndinamvera, ndipo pa mfundo iyi sanandinamize.

Dizayini yanga ndi yosavuta: mzere wa phiri la Mulanje kumtunda, masamba awiri ndi kansonga pakati monga momwe timathyolera, dzina la tiyi, ndi zolemba zakumbuyo. Mapuleti atafika ndinawagwira ndi manja. Ndi akuda, olemerera pang'ono, akununkha labala wopserera. Ukayendetsa chala umamva timitsempha ta tsamba la tiyi tili njo, ndipo m'mbali mwa chilembo chilichonse muli motsetsereka, chotambalala kunsi n'kumachepa kumtunda, kuti chisapindike chikamadinda. Malemba onse amakhala otembenuka. Chinandidabwitsa n'choti phiri linkaoneka lofupikirapo kusiyana ndi pa kompyuta. Anandifotokozera kuti amachita dala, chifukwa puleti ikakulungidwa pa silinda pamwamba pake pamatamuka, ndiye amafupikitsiratu chithunzi mbali imeneyo. Pa paketi linatulukadi bwinobwino.

Kusindikiza kwake ndakhutira nako. Chobiriwira chinadzaza mofanana popanda madontho oyera, ndipo zolemba zakuda zakumbuyo, zija zimene a Malawi Bureau of Standards amafuna monga kulemera kwa katundu, dzina ndi adiresi ya wolongedza, zimawerengeka ngakhale ndi zazing'ono. Barcode anaitembenuza kuti mizere yake itsate kumene mpukutu ukulowera, poti ikapingasa imatha kufufuma n'kukana pa makina a sitolo. Mpaka pano palibe sitolo imene yandibwezera katundu chifukwa cha barcode. Chachikulu kwa ine n'chakuti titasindikizanso ndi mapuleti omwewo patapita miyezi, mapaketi atsopano sanasiyane ndi akale. Ndinawaika pambali n'kuyang'ana timitsempha ta tsamba tija, tonse tinalipo.

Koma pali zimene sizinandisangalatse, ndipo ndizinena mosabisa. Choyamba ndi mtengo. Anandiwerengera mapuleti atatu: chobiriwira, chachikasu ndi chakuda. Nditalipira kale theka ndi pamene anandiuza kuti pakufunika yachinayi ya choyera, chifukwa pulasitiki yanga ndi yonyezimira ngati siliva ndipo popanda choyera pansi mitundu ina imazilala. Zoti choyera chikufunika n'zoona, koma iwo ankadziwa kuyambira tsiku loyamba pulasitiki imene ndasankha. Munthu wa bizinesi yaing'ono amakhala atawerenga kwacha iliyonse, kumuuza mochedwa chonchi n'kumulakwira. Komanso mapuleti sasemedwa konkuno, amaitanitsa ku Johannesburg ndipo mtengo amauwerengera pa dola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kunachititsa kuti mapuleti achedwe kupitirira tsiku limene analonjeza. Kuchedwako ndikanakumvetsa akanandiimbira foni. Ndinkachita kuwafunsa ndine.

Chachiwiri ndi zolemba zoyera pa chobiriwira. Ndinali ndi kamzere kamalemba ang'onoang'ono ofotokoza kaphikidwe, ndipo pa mapaketi ena inki yobiriwira inalowerera m'timizere toyera ta "e" ndi "a" mpaka kutsekeka. Puleti payokha ilibe vuto, ukaiyang'ana timizereto tilipo. Zimachitika podinda: labala ndi wofewa, akakanikizidwa inki imafalikira pang'ono m'mbali. Wodziwa ntchito amayenera kuchenjeza kasitomala kuti malemba oterewa akulitsidwe kapena anenepetsedwe asanaseme. Pepala loonetsera limene anandipatsa linali losindikiza pa kompyuta, ndiye silikanaonetsa vuto limeneli.

Malangizo amodzi amene anandipatsa ndiwayamika kwambiri. Anati zonse zimene zingadzasinthe, monga nambala ya foni ndi adiresi, tiziike pa puleti yakuda yokha. Puleti ikasemedwa yasemedwa, sungafufute chilembo n'kuikapo china. Ndiye nambala ikadzasintha ndidzangopangitsa imodzi, osati zinayi. Tsiku lothera ntchito ndi nambala ya batch (ya gulu la katundu wolongedzedwa limodzi) sizili pa puleti, anangosiya kabokosi kopanda kanthu ndipo timadinda tokha polongedza. Mtengo wogulitsira tiyi sindinaulembe n'komwe, poti masiku ano mitengo sikhalitsa.

Mufunsenso kuti mapuleti ndi a ndani mukamaliza kulipira. Ine ndinaumirira kuti alembe pa lisiti kuti ndi anga, ndipo anavomera mosavuta. Amasunga okha kufakitale, koma ndikafuna ndingakatenge. Mukasunga nokha, muwagoneke pamalo afulati, amdima, kutali ndi dzuwa ndi moto, osasanjikapo katundu wolemera. Musayerekeze kuwapukuta ndi parafini kapena petulo, chifukwa EPDM imatupa ikakhudzana ndi mafuta otere, malemba n'kunenepa.

Kwa amene amagulitsa mapaketi ochepa pa msika wa Nkando kapena ku Luchenza, ndipo dizayini akusinthasintha, njira iyi si yawo. Kupatula mapuleti, a flexo safuna kuyatsa makina chifukwa cha timapaketi towerengeka, amakuuzani kuti mutenge mipukutu yambiri nthawi imodzi, ndalama n'kugona m'pulasitiki. Koma ngati dzina la katundu wanu lakhazikika ndipo mukudziwa kuti mudzabweranso, mapuleti osemedwa ndi laser ndi olimba ndipo mtengo wake umagawika pa oda iliyonse yobwereza. Mapuletiwo ndikuwapatsa nyenyezi zisanu, kampaniyo zitatu.

Pano ndikuganiza zoyamba paketi ya magalamu 500. Kukula kwake n'kosiyana, ndiye pakufunika silinda ina ndi mapuleti ena anayi. Ndawauza kale kuti ndikufuna mtengo wonse wolembedwa, choyera chili momwemo, komanso kuti kamzere ka kaphikidwe kakhale kakuda pa chachikasu.